Khonde la ku Linga ndi Nyumba ya pa Phiri la Ntchisi

Munthu aliyense womanga nyumba m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota ali ndi adani atatu oyenera kuŵaganizira asanakumbe maziko: dzuŵa, udzudzu ndi madzi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuŵa limaswa mtengo, mchenga nkumatentha kumapazi ngati phulusa la moto. Mvula ikagwa, madambo a mpunga amadzaza, udzudzu nuswana. Ndipo zaka zina nyanja yomweyo imene imadyetsa anthu usipa ndi chambo imakwera mpaka kudzafika pakhomo. Mitundu yonse imene idakhalako kumeneko, Acheŵa, Aswahili, amishoni ndi atsamunda, idalimbana ndi adani ameneŵa, uliwonse mwa njira yake, ndipo nzeru zawo zimaoneka pa kamangidwe ka nyumba zawo. Ife tidayenda ulendo wokaona nzeruzo, kuyambira ku Linga m'mbali mwa nyanja kufikira pa phiri la Ntchisi, pamene pali nyumba ina yakale yomangidwa m'chaka cha 1914. Tifuna kukuuzani zimene tidaona, inu makolo ndi achinyamata, pakuti ambiri mwa inu mukuumba njerwa chaka chino, ena mukusunga ndalama zogulira malata.

Pansi pa mkuyu

Mlendo akafika ku Nkhotakota, eni mudzi amayamba kumuonetsa mtengo wa mkuyu umene David Livingstone adakumanapo ndi Jumbe m'chaka cha 1863. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, adachokera kugombe la nyanja yamchere nadzakhazika ku Linga cha m'ma 1840. Malonda ake adali a minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo zombo zake zamatanga zinkaolotsa anthu ogwidwa kunka kutsidya la kum'maŵa, kumene ankayamba ulendo wautali wa ku Kilwa. Imeneyi ndi mbiri ya misozi, yosayenera kuiŵalika. M'chaka cha 1889 Harry Johnston adapangana pangano ndi Jumbe wina wa pambuyo pake, ndipo pofika chaka cha 1895 ufumu wa a Jumbe udatha, wotsiriza atatengedwa kunka ku Zanzibar.

Ufumuwo udapita, koma zina zimene adabwera nazo zidatsala: mpunga m'madambo, chipembedzo cha Chisilamu, ndi nyumba ya ngodya zinai. Nyumba ya Chiswahili inkakhala yogaŵidwa zipinda, ya chitseko cholimba cha matabwa, ndipo kumaso kwake kunkakhala malo okwezeka, ofoleredwa, amene mwini nyumba ankalandirirapo alendo ndi kukambirapo milandu. Malo amenewo pa Chiswahili ndi baraza. Tsono inu amene mumauza mwana kuti akayale mkeka pabalaza, dziŵani kuti mau amenewo adabwera ndi anthu a kugombe. Poyamba balaza lidali panja, pamphepo. Ndife tidadzaliloŵetsa m'nyumba ndi kulitsekera mazenera.

Pafupi ndi mkuyu uja pali mishoni ya Anglikani, imene idayamba m'chaka cha 1894. M'tchalitchi chake cha All Saints mudaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene adamira panyanja m'chaka cha 1895 ali paulendo wonka ku Likoma atangodzozedwa ubishopu. Chipatala cha St Anne's chidayamba m'chaka cha 1902. Poyenda pamalo pamenepa tidaona kuti mitengo ikuluikulu idasiyidwa pafupi ndi nyumba, kotero kuti munthu amachoka pamthunzi wina nkugwera pamthunzi wina. Akale adadziŵa kuti kunyanja mtengo wa pakhomo ndi mbali imodzi ya nyumba.

Nyumba ya makolo athu

Aswahili asanafike, Acheŵa adali kale ndi nzeru zawo. Nyumba yawo idali yozungulira. Ankazika nsichi, namanga mbalo ndi luzi, naphoma ndi dothi, amai nadzazira pansi mpaka kusalala. Denga ankalimangira pansi, ndipo likatha ankaitana mudzi wonse kudzalikweza, ndiye chiyambi cha mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga. Udzu wofolera unkatsikira kutali kupitirira khoma, nugwiridwa ndi nsanamira, ndipo mpata wa pakati pa khoma ndi nsanamirazo ndiwo khonde.

Khonde limeneli lidali ndi ntchito zambiri. Linkatchinjiriza khoma ladothi kuti mvula isaligumule. Linkaletsa dzuŵa kumenya khoma, motero m'nyumba munkakhala mozizira ngakhale masana a chilimwe. Pakhonde ndi pamene agogo ankaluka mphasa, asodzi ankasoka ukonde, amai ankatongola chimanga, ndipo mlendo wopempha madzi akumwa ankakhalapo osachita kuloŵa kuchipinda. Denga laudzu nalo silisunga kutentha monga amachitira malata. Sitikunena kuti nyumbayo idalibe chilema ai. Idali ya mdima ndi utsi, chiswe chinkaidya, moto unkaipsereza m'kamphindi, ndipo udzudzu unkaloŵa ndi kutuluka mwaufulu. Koma pa nkhani ya dzuŵa makolo athu adaipeza mfundo.

Azungu atafika adaona msanga ubwino wake. Iwo adali atazoloŵera kale nyumba zamakonde ku India, ndipo kuno adazipitiriza. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes idamanga m'chaka cha 1882, ili ndi makonde pansi ndi pamwamba pomwe. Chokondweretsa nchakuti azungu a m'Nyasaland adatenga ngakhale dzina lenilenilo, kotero kuti polankhula Chingerezi chawo ankati akukamwa tiyi pa "khonde". Mau athu adaloŵa m'kamwa mwawo chifukwa chinthucho chidali chitaloŵa kale m'moyo wawo.

Kuthaŵira kumapiri

Mdani amene azungu adalephera kumugonjetsa ndi khonde lokha ndiye malungo. Mbiri ya mishoni ya Livingstonia ikuchitira umboni. Idayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, idasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo kuyambira m'chaka cha 1894 Dr Robert Laws adakweza likulu lake pamwamba pa phiri la Khondowe, kumene nyumba yake yamiyala idamangidwa m'chaka cha 1903. Manda otsala ku Cape Maclear ndi ku Bandawe akufotokoza chifukwa chake. Amishoni a Dutch Reformed nawo adasankha malo okwera: Mvera m'chaka cha 1889 ndi Nkhoma m'chaka cha 1896.

Masiku amenewo anthu ophunzira ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. M'chaka cha 1897 dotolo wina dzina lake Ronald Ross, ali ku India, adapeza kuti tizilombo ta malungo timayenda ndi udzudzu. Kuchokera pamenepo kamangidwe ka nyumba za boma m'maiko otentha kadayamba kusintha. Ankafuna malo okwezeka, otalikira madzi oima, ndipo mazenera ndi makonde ankaŵatchinga ndi sefa wa waya.

Bwana wa boma la Kota Kota, amene pambuyo pake anthu adadzamutcha Disii, sakadatha kusamutsa boma lake, pakuti doko, anthu ndi msonkho zidali kunyanja. Koma dera lake lidafika mpaka kumapiri a Ntchisi, ndipo kumeneko adammangira nyumba yothaŵirako kutentha kwa kunyanja. Nyumba imeneyi ndiyo ya chaka cha 1914, chaka chomwe nkhondo yaikulu yoyamba idayamba, pamene sitima ya Gwendolen idakaphulitsa sitima ya Ajeremani kutsidya kwa nyanja yomweyi.

Ulendo wa ku phiri

Tidachoka ku Nkhotakota m'mamaŵa, kutsata mseu wa ku Kasungu umene umadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kumene adabweretsako njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Mseuwo umakwera pang'onopang'ono, migwalangwa ndi minda ya mpunga nkutsala m'mbuyo, mitengo ya msuku ndi mombo nkuyamba. Titatuluka m'nkhalangomo tidapatukira kumwera, kuloza ku Ntchisi. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya phiri la Ntchisi ili pafupi ndi mamita 1,700. Mphepo imazizirirako madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Nchifukwa chake amene adachoka kunyanja akutuluka thukuta amafika kuphiri akufunafuna juzi.

Nyumbayo ili m'mphepete mwa nkhalango yoŵirira ya mitengo italiitali, imene akuluakulu amati Acheŵa ankabisalamo pothaŵa nkhondo ya Angoni. Kukakhala kopanda nkhungu, munthu woima kumaso kwake amaona chigwa chonse chitayalika pansi, nyanja ikunyezimira patali, ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya. Apa tidamvetsa maganizo a amene adasankha malowo. Bwanayo ankatha kuona dziko limene ankalamulira popanda kumva kutentha kwake. Utsamunda utatha, nyumbayo idakhala ya boma yogonamo alendo, ndipo pambuyo pake idasanduka malo ofikira anthu odzaona nkhalango.

M'kati mwa nyumba za nyengo imeneyo

Nyumba za atsamunda za zaka zimenezo zidali ndi kamangidwe kofanana, ndipo amene waona imodzi amazindikira zinzake. Maziko ankakwezedwa kuti chinyontho, njoka ndi chiswe zivutike kufika, motero munthu ankakwera makwerero angapo asanafike pakhonde. Makoma adali ochindikala, a njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pafupi pomwepo, ndipo kaŵirikaŵiri zinkamangidwa ndi dothi chifukwa simenti idali yochokera kutsidya kwa nyanja ndi yokwera mtengo. Khoma lochindikala limachedwa kutentha masana, ndipo limachedwanso kuzizira usiku. Kunja ndi m'kati ankapaka njereza, pakuti choyera chimabweza dzuŵa.

Zipinda zidali zochepa koma zazikulu, ndi siling'i yotalika kwambiri. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, tsono siling'i ikatalika, anthu okhala pansi amapuma mpweya wozizirirapo. Zitseko ndi mazenera zinkayang'anizana kuti mphepo iloŵere kwina ndi kutulukira kwina. Popeza khonde linkazungulira mbali zingapo, dzuŵa silinkafika pamazenera, ndipo m'nyumba munkakhala kamdima kabwino kopumitsa maso. M'nyumba za kumapiri munkakhalanso malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni, chifukwa usiku wa mwezi wa Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuomba, kumazizira koopsa. Nkhuni zinkayaka pabalaza, anthu nkumaotha monga momwe ife timachitira pabwalo.

Ziŵiya za m'nyumba zidali zosachuluka. Matebulo, makabati ndi mipando adazipala ndi amisiri a kuno konkuno, ambiri a iwo ophunzira ukalipentala m'sukulu za mishoni monga ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Matabwa ake adali a mbaŵa ndi mlombwa, ndipo ena adali a mkungudza wa ku Mulanje umene chiswe chimauopa. Pakhonde pankakhala mipando ya ndalema. Pansi ankayala mikeka ndi zikopa za nyama, ndipo pakhoma ankapachika nyanga za ngoma kapena za njati zimene bwana adapha. Bedi lililonse lidali ndi masikito ake. Chakudya chinkasungidwa m'kabati ya sefa, ndipo miyendo yake inkaima m'zitini za madzi kapena za palafini kuti nyerere zisakwere. Madzi akumwa ankaŵiritsa ndi kusefa. Usiku kunkaŵala nyali za palafini.

Tikayang'anitsitsa tiona kuti pafupifupi chinthu chilichonse m'nyumbamo chidaikidwa kuti chilimbane ndi mdani wina, kaya ndi dzuŵa, chinyontho, chiswe, nyerere kapena udzudzu. Kukongola kwa nyumbazo kudachokera pamenepo. Sadayambe ndi kufunsa kuti odutsa pamseu adzati chiyani. Adayamba ndi kufunsa kuti dzuŵa limatulukira kuti, mphepo imachokera kuti, ndipo madzi a mvula adzathamangira kuti.

Kuseri kwa nyumba

Komatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba zimenezi zidali ndi kumaso ndi kuseri, ndipo mbali ziŵirizi zidali maiko aŵiri. Khitchini inkamangidwa payokha kuseri, kuti utsi, kutentha ndi ngozi ya moto zitalikire. Imeneyo idali nzeru. Koma kuseri komweko kunkakhalanso timanyumba ting'onoting'ono ta khukhi, wochapa, wotunga madzi ndi mlonda, topanda khonde lotambasuka, topanda sefa pazenera. Nzeru zonse zoteteza thupi la munthu zinkathera pakhomo la kuseri. Mwini dziko akabwera ndi mlandu, ankaima pansi pa makwerero chipewa chili m'manja.

Tikumbukirenso kuti njanji idafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo magalimoto m'chaka cha 1914 adali osoŵa. Chilichonse chosapezeka pamalopo, malata, misomali, magalasi ndi maloko, chinkabwera pa sitima ya pamadzi ndi kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga kukwera zitunda zomwe ife tidakwera pa galimoto. Bwana mwini ankanyamulidwa pa machila. Amene adaponda dothi, kuumba njerwa, kutema nkhuni za uvuni ndi kucheka matabwa adali agogo athu, ndipo ambiri m'nyengo imeneyo ankagwira ntchito zotere kuti apeze ndalama ya msonkho wa nyumba. Taonani zake: kanyumba kozungulira kaudzu kankakhomeredwa msonkho, ndipo mwini wake ankatuluka thukuta pa nyumba ya wokhometsa msonkhoyo. Maina awo sadalembedwe pakhoma lililonse. Tsono tikamayamikira kulimba kwa makoma amene aima zaka zoposa 100, tidziŵe kuti tikuyamikira manja a anthu athu. Nyumba zotere ndi choloŵa chathu, ndipo nkoyenera kuzisamala ndi kupita nawo ana kukaziona.

Zimene tikumanga lero

Potsika kubwerera kunyanja tidayang'ana ndi maso ena nyumba zatsopano za m'mbali mwa mseu, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Dwangwa. Zambiri nzokondweretsa: njerwa zootcha, malata oŵala, zitseko zachitsulo. Zikuonetsa khama la alimi a mpunga ndi nzimbe, asodzi, aphunzitsi, ndi ana athu ogwira ntchito ku Joni. Koma zambiri zilibe khonde, kapena zili ndi kakhonde kongokwana mpando umodzi. Makoma ngaafupi, malata ali pafupi ndi mutu, siling'i palibe. Malata amathera pakhoma penipeni, ena amabisika kuseri kwa kampanda ka njerwa kuti nyumba ioneke ya m'tauni. Mazenera ngaang'ono, ndipo amakhala chitsekere poopa akuba.

Zotsatira zake eni nyumba akuzidziŵa. Masana m'nyumba simukhalika. Usiku njerwa zimatulutsa kutentha kumene zidamwa tsiku lonse, mpaka banja limatulutsa mphasa kukagona panja, kumene masikito sangamangike, ndipo udzudzu umapeza phwando. Ena amagona m'nyumba koma amakankhira masikito kumbali chifukwa cha thukuta. Mwana akadwala malungo timati ndi tsoka, osadziŵa kuti mbali ina ya tsokalo tidaimanga tokha ndi ndalama zathu.

Madzi nawo sadasinthe khalidwe. Kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale m'chaka cha 2024 mitsinje idasefukira m'dera la Dwangwa, anthu zikwizikwi nasoŵa pokhala, ndipo m'chaka chomwecho nyanja idakwera ndi kuloŵa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe. Pamene madzi adafikapo kale adzafikaponso, ngakhale patapita zaka makumi aŵiri.

Pofuna kumanga

Sitikunena kuti mumange nyumba ya Disii, pakuti ndalama zake palibe, ndipo moyo wa bwana ndi antchito ake sitiusirira. Koma nzeru zake zambiri nzotsika mtengo. Musanagule malo, funsani nkhalamba za pamudzipo kuti madzi adalekeza pati m'zaka za chigumula, ndipo mumange kumtunda kwa pamenepo, maziko ake okwezeka. Mbali zazitali za nyumba ziyang'ane kumpoto ndi kumwera, kuti dzuŵa la m'maŵa ndi la madzulo limenye makoma aafupi okha. Onjezani mizere ingapo ya njerwa kuti denga litalike. Malata atuluke kunja kwa khoma mokwanira. Ngati siling'i ya m'sitolo yakukanikani, ya bango kapena ya nsungwi imathandiza ndithu. Mazenera ayang'anizane, ndipo muikemo sefa kuti azikhala otsekula usiku. Udzudzu wa malungo umakonda kuloŵera pampata wa pakati pa khoma ndi denga, choncho mpata umenewo utsekedwe, makamaka ndi sefa kuti mpweya uzidutsabe. Pakani njereza. Bzalani mango kapena mtengo wina wamthunzi kumadzulo kwa nyumba chaka chomwe mukukumba maziko.

Pa za njerwa, tikumbuke kuti uvuni uliwonse umadya mitengo yambiri, ndipo mapiri akakhala ometeka madzi amatsika mwaukali kudzagwetsa nyumba zomwezo. M'chaka cha 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zikuluzikulu. Banja la kumudzi lingaganizirenso zidina kapena mdindo, zimene zimakhala zaka zambiri ngati zili pa maziko abwino ndi pansi pa denga lotambalala. Khoma ladothi limangofuna chipewa ndi nsapato.

Koposa zonse, musamane nyumba yanu khonde. Mmisiri akakuuzani kuti malata asanu ndi limodzi a khonde ndi kutaya ndalama, muuzeni kuti chipinda chimenecho ndicho chidzagwira ntchito kuposa zonse. Inu anyamata amene mukumanga nyumba yoyamba kuti mukwatire, ganizirani za masiku amene apongozi adzabwera kudzacheza, ana adzafuna polembera ntchito ya kusukulu kusanade, ndipo mnansi wodutsa adzafuna kupereka moni osachita kugogoda. Nyumba ya mpanda wautali ndi chitseko chachitsulo imasunga katundu, koma mudzi umakumana pakhonde. Makolo athu adalidziŵa, Aswahili adabwera ndi lawo, ndipo mzungu adalitenga pamodzi ndi dzina lake nakwera nalo pa phiri la Ntchisi. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti eni ake a mauwo akhale oyamba kulitaya.